Funsani za umoyo: Ki-67 yakwera, kodi tiwakweze basi?

FUNSO

Achemwali a tsamba la zaumoyo, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg koma ndimakhala ku Rosettenville pamodzi ndi akulu anga, a zaka 46, amene amasoka zovala. Iwowa anadzipeza ndi chotupa chosapweteka m'bere lakumanzere, ndipo kuchipatala anawabaya singano n'kutengako kanyama. Pepala la zotsatira tili nalo. Palembedwa kuti grade 2, ER positive, PR positive, HER2 negative, kenako Ki-67 35%. Mwana wanga anafufuza pafoni n'kutiuza kuti Ki-67 ikapitirira 20 ndiye kuti khansayo ndi yolusa. Chiyambire tsiku limenelo, pagulu lathu la WhatsApp la kubanja sipakugonedwa. Ena akuti 35 peresenti ya bere yadyeka kale, ena akuti mwayi wopulumuka ndi 35 pa 100. Amalume ku Mulanje alamula kuti tiwakweze basi akadali ndi mphamvu, poti kutumiza maliro kuchokera ku Joni kuno ndi ndalama zoti banja lathu silingakwanitse. Dokotala wa khansa tikaonana naye pakatha sabata ziwiri. Akulu angawo asiya kudya, ndipo makina osokera anawaphimba ndi chitenje. Kodi nambala imeneyi ikutanthauza chiyani? Tiwakweze basi?

Mng'ono wosowa mtendere, Rosettenville

YANKHO

Achemwali, tikiti musagule. Abale onse awiri aja, wa bere lodyeka ndi wa mwayi wopulumuka, aphonya. Nambala ya 35 siikunena za kukula kwa chotupa, siikunena kuti khansa yafika pati m'thupi, ndipo si masiku a munthu.

Ine sindine dokotala wa khansa. Ntchito yanga ndi ya mu labotale yoyeza tinyama ta odwala kuno ku Johannesburg, choncho nambala ngati imeneyi ndimaiona ikubadwa. Ndikufotokozereni mmene imapezekera, chifukwa mukangoona zimenezo mantha ena achoka okha.

Kanyama kamene anatenga ndi singano kaja kamafika kwa ife m'kabotolo ka fomalini, mankhwala oletsa kuwola. Kamayenera kukhala mmenemo maola osachepera 6 koma osapitirira 72. Kenako timakachotsa madzi n'kukaumbira mu phula longa la kandulo kuti kalimbe. Makina okhala ndi lumo lakuthwa amasenga tizidutswa topyapyala kwambiri, toti mutasanjikiza pafupifupi 250 mpamene tingakwane milimita imodzi. Tizidutswato timatiyandamitsa pamadzi ofunda kuti makwinya athe, n'kutitola ndi kagalasi. Pakagalasipo timadonthezera mankhwala otchedwa MIB-1, amene amakangamira chinthu chimodzi chokha: puloteni ya Ki-67. Puloteni imeneyi imapezeka pakatikati pa selo pamene seloyo ili mkati mokonzekera kugawikana kapena ikugawikana. Selo imene yangokhala, yosaswana, ilibe. Ndiye mukasuzumira pa maikulosikopu mumaona timadontho tambirimbiri, ena abuluu, ena abulauni. Abuluu ndi maselo amene akupuma, abulauni ndi amene ali pantchito yoswana. Dokotala woyeza tinyama amawerenga maselo a khansa osachepera 500. Akapeza kuti mwa 500 amenewo 175 ndi abulauni, amalemba 35%. Basi. Nambala imene yasowetsa tulo banja lonse kuyambira Rosettenville mpaka Mulanje ndi imeneyo: mwa maselo 100 aliwonse a chotupa amene anawerengedwa, 35 anali pantchito yoswana tsiku limene singano inalowa.

Puloteniyi anaitulukira mu 1983 a Johannes Gerdes ndi anzawo mumzinda wa Kiel ku Germany, ndipo kuyambira nthawi imeneyo akatswiri akhala akuigwiritsa ntchito poyeza liwiro limene chotupa chikukulira.

Mwana wanu sananame kotheratu, ndipo sindikufuna kukunyengererani. Tikatenga amayi ambirimbiri odwala khansa ya mtundu wa akulu anuwo, ya ER positive ndi HER2 negative, amene Ki-67 yawo ndi yokwera khansa imawabwerera kawirikawiri kuposa amene yawo ndi yotsika. Zimenezi n'zoona, ndipo 35 ili m'gulu lokwera. Koma taganizirani basi yochokera pa Park Station kupita ku Blantyre. Wina atakuuzani kuti ikuthamanga makilomita 120 pa ola, simungadziwe ngati ili pa Midrand, pa Polokwane kapena yawoloka kale pa Beitbridge. Ki-67 ndi liwirolo. Pamene basi yafika ndi nkhani ina, imene madokotala amaitcha steji, ndipo pa pepala lanu mulibemo. Singano siingauze munthu steji. Imadziwika dokotala akayeza kukula kwa chotupa, akaona ngati khansa yalowa mu anabere a m'khwapa, ndiponso, ngati pakufunika, akajambula mapapo, chiwindi ndi mafupa. Chotupa chosapitirira masentimita 2 chimene sichinafike m'khwapa ndi steji 1. Chikakula kapena chikafika m'khwapa ndi steji 2 kapena 3, malinga ndi kukula kwake komanso kuchuluka kwa anabere amene akhudzidwa. Kuyambira steji 1 mpaka 3, cholinga cha chithandizo ndi kuchiza. Pa steji 4, pamene yafalikira ku ziwalo zakutali, cholinga chimakhala kuigwira kuti isapitirire, ndipo ngakhale pamenepo alipo amayi a ER positive amene amakhala zaka akumwa mankhwala, akugwira ntchito zawo. Mayi wa chotupa chaching'ono chosafalikira koma Ki-67 ya 35 ali pabwino kuposa mayi wa Ki-67 ya 10 amene khansa yafika kale m'chiwindi.

Palinso china chimene foni sinamuuze mwanayo. Mankhwala a chemo amagwira kwambiri maselo amene akuswana. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, poti maselo a mizu ya tsitsi amaswana msanga. Ndiye chotupa chothamanga nthawi zambiri ndi chimenenso chimamva chemo bwino. Kwa dokotala, 35 si belu la maliro. Ndi chizindikiro chimodzi mwa zingapo chomuthandiza kusankha ngati mapiritsi a mahomoni okha angakwane kapena awonjezere chemo. Mwa kuona kwanga, musadabwe akakatchula chemo, kaya opaleshoni isanachitike kapena itachitika. Akatero sikuti zinthu zaipa, koma kuti akufuna kumenya ndi zida zonse nthawi ikadalipo.

Tsopano za 20 amene mwana wanu anaona. Akatswiri enieniwo malire amenewa akhala akuwasuntha. Pamsonkhano wa akatswiri a khansa ya m'mawere wa ku St Gallen, ku Switzerland, wa mu 2011 anagwirizana za 14 peresenti monga malire osiyanitsa zotupa zofatsa ndi zothamanga m'gulu la ER positive. Mu 2013 ambiri pamsonkhano womwewo anakonda 20. Vuto n'lakuti kagalasi kamodzi komweko mukapatsa malabotale awiri, wina akhoza kulemba 18 wina 26. Chotupa sichifanana paliponse: m'mphepete mwake maselo abulauni amakonda kuunjikana, pakati amachepa, ndiye zimatengera pamene wowerenga wayang'ana. Kanyama kakachedwa kulowa mu fomalini, nambala imasinthanso. Pachifukwa chimenechi, mu 2021 gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana loona za Ki-67 pa khansa ya m'mawere linanena kuti pa zotupa zoyambirira za ER positive ndi HER2 negative, nambala yodalirika ndi ya 5 kutsika pansi kapena ya 30 kukwera m'mwamba. Ya pakati pa 5 ndi 30 siyenera kugamula mlandu payokha. Ku America, mu 2021 bungwe la boma loona za mankhwala la FDA linavomereza mankhwala a abemaciclib kwa odwala ena pokhapokha Ki-67 yawo ikafika 20, koma mu 2023 lamulo la Ki-67 lija analichotsa, n'kusiya kuti aziona kukula kwa chotupa, giredi ndi anabere. Ndikunena izi ngakhale kuti Ki-67 ndi ntchito ya manja anga: ndi mboni yothandiza, koma si mboni yoti n'kumangira munthu payokha.

Pepala lanu lili ndi mizere ina imene abale sanaiwerenge chifukwa ilibe peresenti yoopsa, chonsecho ndi yofunika kwambiri. Giredi 2 ndi ya pakati. Giredi imachokera pa njira ya ku Nottingham imene a Elston ndi a Ellis anafalitsa mu 1991. Dokotala amaona zinthu zitatu: ngati maselo akupangabe timachubu ngati ta bere labwinobwino, mmene maonekedwe awo asokonekera, ndi kuchuluka kwa maselo amene wawagwira ali pakati pogawikana. Chilichonse amachipatsa mapointi 1 mpaka 3. Akaphatikiza n'kupeza 3 mpaka 5 ndi giredi 1, 6 kapena 7 ndi giredi 2, 8 kapena 9 ndi giredi 3. Anthu ambiri amasokoneza giredi ndi steji. Chonde musakauze amalume kuti akulu anu ali pa steji 2 chifukwa cha mzere umenewu.

ER positive ndiwo mzere umene ine ndikanayamba kuwawerengera akulu anuwo. Ukutanthauza kuti maselo a chotupachi amadalira homoni ya estrogen kuti akule, ndipo njira yowamana homoniyo ilipo. Kwa mayi amene akusambabe, kawirikawiri amapatsidwa tamoxifen, piritsi limodzi patsiku kwa zaka 5 mpaka 10, nthawi zina pamodzi ndi jakisoni wogonetsa mazira. Kafukufuku wophatikiza amayi masauzande ambiri anaonetsa kuti kumwa tamoxifen zaka 5 kumachepetsa imfa za khansa imeneyi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndi mankhwala akale, osadula, opezeka kuno ngakhalenso kumudzi. HER2 negative ikungotanthauza kuti safunika trastuzumab, mankhwala okwera mtengo amene amaperekedwa kwa a HER2 positive okha.

Nanga n'chiyani chimene chimapha amayi athu? Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira amayi oposa 2,000 ku Namibia, South Africa, Uganda, Zambia ndi Nigeria ndipo anafalitsidwa mu 2020, anapeza kuti patatha zaka 3 theka lokha la amayiwo ndi limene linali moyo. Kwa amayi akuda a kuno ku South Africa anali 59 pa 100, ku Nigeria 36 pa 100, pamene amayi achizungu a ku Namibia anali 90 pa 100. Ofufuzawo analoza kwambiri zinthu ziwiri: kufika kuchipatala matenda atakula, ndi kusalandira kapena kusamaliza chithandizo. N'chifukwa chake bungwe la WHO, pa ntchito imene linayambitsa mu 2021, likufuna kuti amayi 60 pa 100 azipezeka akadali pa steji 1 kapena 2, kuti kuyeza konse kuzitha m'masiku 60, ndiponso kuti 80 pa 100 azimaliza chithandizo. Pa zolinga zitatuzi palibe chotchula Ki-67.

Ndiye tifike kwa amalume. Musawaone ngati ankhanza. Aliyense wa ife matchona amadziwa zopereka za maliro zimene zimazungulira pamafoni, ndi mmene banja limatsalira ndi ngongole thupi likawoloka malire. Iwo akulankhula zimene anaona. Koma akukonzekera maliro a munthu amene madokotala sananene n'komwe steji yake. Muwaimbire foni nokha, osati pagulu, ndipo muwauze mwaulemu kuti pepala lija ndi theka chabe la zoyeza, muwapemphe kuti mawu omaliza adikire dokotala wa khansa. Munthu wamkulu ukamupatsa tsiku lenileni amadekha.

Sindikunena kuti kumudzi kulibe chithandizo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amachita maopaleshoni a bere ndipo amapereka chemo. Chimene ndimaopa ndi mpata umene umakhalapo pakati. Munthu amachoka kuno ali ndi tsiku loonana ndi dokotala, akafika kumudzi amayamba wapuma, abale amabwera kudzazonda, wina amatchula sing'anga wodziwa za zotupa, mvula imayamba, ndipo akamadzafika kuchipatala n'kuyambanso mzere patha miyezi inayi kapena isanu. Pamenepo mpamene Ki-67 ya 35 imakhala ndi mano, chifukwa chotupa chothamanga sichidikira. Kuno ali kale m'kaundula. Zipatala za boma monga Helen Joseph ku Auckland Park ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto zili ndi makiliniki a mawere, ndipo ku Charlotte Maxeke ku Parktown kuli makina owotchera khansa. Mizere ndi yaitali, ndipo nkhani ya malipiro kwa ife obwera imatengera mapepala a munthu. Pitani msanga kwa social worker wa pachipatala chimene akupitacho mukamve za ndalama chithandizo chisanayambe, osati chili pakati. Bungwe lothandiza odwala khansa la CANSA limathandizanso ndi uphungu.

Ngati pambuyo pake banja ndi dokotala mudzagwirizana kuti akapitirize kumudzi, asadzapite chimanjamanja. Atenge pepala la zotsatirali, kalata ya dokotala yofotokoza zimene zachitika ndi zimene zatsala, ndi zithunzi zonse zimene anajambulidwa. Pamwamba pa pepalalo pali nambala ya labotale, ijambuleni pafoni. Kanyama kali mu phula kaja timakasunga zaka, ndipo dokotala wina akhoza kukaitanitsa pogwiritsa ntchito nambala imeneyo m'malo mobayanso munthu.

Tsiku lokaonana ndi dokotala mupite nawo, mupemphe tchuthi kwa abwana anu ngakhale cha theka la tsiku. Wodwala akamva mawu oti chemo makutu amatsekeka, ndiye pamafunika wina wogwira cholembera. Mukafunse kuti chotupa ndi chachikulu masentimita angati, m'khwapa muli bwanji, steji ndi iti, cholinga ndi kuchiza kapena kuchepetsa, ndipo chiyambe n'chiyani pakati pa opaleshoni ndi chemo. Ngati Chingerezi cha dokotala chikuthamanga, muuzeni abwereze, si mwano. Ngati akulu anu amamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena azitsamba, akanene zonse, ndipo ma ARV asasiye pokhapokha dokotala atasintha yekha. Pakali pano adye. Chemo amaperekedwa malinga ndi kulemera ndi kutalika kwa munthu, ndipo magazi akachepa amamubweza kuti adikire sabata ina.

FUNSO

Mayi, ine ndine bambo wa ku Diepsloot, ndimagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Fourways. Mayi a kunyumba, a zaka 58, anawachotsa chotupa cha masentimita 1.5. M'khwapa munalibe kanthu. Pepala likuti grade 1, ER positive, HER2 negative, Ki-67 4%. Anawawotcha ndi makina, kenako anangowapatsa mapiritsi a anastrozole. Mnzawo wa kutchalitchi, mbadwa ya konkuno, anapatsidwa chemo miyezi ingapo. Kodi ife atimana chifukwa ndife obwera? Komanso mapiritsiwa akuwapweteketsa mawondo, ndipo akuti poti nambala yawo ndi yotsika angosiya.

Bambo wokayika, Diepsloot

YANKHO

Bambo, kukayika kwanu ndikukumvetsa, chifukwa mawu onyoza obwera ambirife tinawamvapo m'mizere. Koma pa zimene mwalembazi, mayi sanamanidwe kanthu. Chotupa chosakwana masentimita 2, m'khwapa moyera, giredi 1, ER positive, Ki-67 ya 4, mayi woti anasiya kusamba: pepala limeneli mutapita nalo ku London kapena kuchipatala cholipira ku Sandton, yankho likhoza kukhala lomweli. Maselo 4 okha pa 100 ndi amene akuswana, ndiye chemo ikanapeza zochepa zoti igwire, koma mavuto ake onse akanawalandira: kusanza, kuthothoka tsitsi, kuchepa kwa chitetezo, dzanzi m'zala. Mnzawo uja mwina chotupa chake chinali chachikulu, mwina chinafika m'khwapa, mwina ndi HER2 positive kapena cha mtundu umene ER, PR ndi HER2 zonse zili negative, umene mapiritsi a mahomoni sagwira ndipo Ki-67 yake imakonda kukhala pamwamba kwambiri. Khansa ya m'mawere ndi matenda angapo okhala ndi dzina limodzi.

Nkhani yopewa chemo yosafunikira ndi imene akatswiri alimbana nayo kwambiri zaka zapitazi. Pali kuyeza kotchedwa Oncotype DX kumene kumaona majini 21 a chotupa, ndipo 5 mwa amenewo, kuphatikizapo la Ki-67, ndi okhudza kuswana kwa maselo. Kafukufuku wa TAILORx, wa amayi oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anaonetsa kuti amayi ambiri a ER positive ndi HER2 negative amene khansa sinafike m'khwapa, makamaka opitirira zaka 50, sapindula kanthu powonjezera chemo pamwamba pa mapiritsi. Kuyeza kumeneku n'kodula kwambiri ndipo kuno amakuchita makamaka a medical aid, koma pa pepala looneka bwino ngati la mayi, giredi ndi Ki-67 zanena kale zokwanira.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chiganizo chomaliza. Nambala yotsika si chilolezo chosiya mapiritsi. Khansa ya ER positive ili ndi khalidwe lobisala: maselo ochepa akhoza kugona m'mafupa zaka zambiri n'kudzadzuka munthu ataiwala. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2017 anatsatira amayi amene anamaliza zaka 5 za mapiritsi, ndipo ngakhale mwa a zotupa zazing'ono zosafika m'khwapa, pafupifupi 13 pa 100 khansa inawabwerera ku ziwalo zina pofika chaka cha 20. Amenewotu ndi amene anapatsidwa mankhwala, osati amene sanalandire kanthu. Kwa mayi, anastrozole ndiye chithandizo chachikulu chimene chatsala, osati chongowonjezera.

Kupweteka kwa mawondo ndi mfundo za zala n'kodziwika pa mankhwala amenewa, makamaka m'mawa podzuka, ndipo amachepetsanso mphamvu ya mafupa. Asapirire mwakachetechete, asasiyenso mwakachetechete. Akauze dokotala. Akhoza kuwasinthira ku letrozole kapena ku tamoxifen, kuwapatsa zochepetsa ululu, ndi kuwayeza mafupa. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku kumathandizadi ululu umenewu, ngakhale poyamba zimamveka zosemphana. Ndipo mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, mukapemphe mapiritsi okwanira ulendo wonse ndi sabata zina zapadera, poti za pa boda sizidziwika.

FUNSO

Mayi anga atabayidwa singano, Ki-67 inali 18%. Atachotsa bere patatha mwezi, pepala latsopano likuti 27%. Azakhali akuti singano ija ndi imene inadzutsa khansa, ndipo akuletsa mng'ono wanga kukayezetsa chotupa chake. Kodi palibe njira yoyezera nambalayi m'magazi kuti tiziitsatira mwezi ndi mwezi?

Mwana wawo, Mayfair

YANKHO

Singano sidzutsa khansa, ndipo mng'ono wanuyo apite akayezetse sabata ino. Zotupa zambiri za m'mawere mwa atsikana si khansa, koma wodziwa ndi kagalasi, osati azakhali. Ngati mayi ndi mwana wawo onse atapezeka nayo, dokotala ayenera kudziwa, chifukwa pali khansa ina yoyenda m'magazi a banja kudzera m'majini a BRCA1 ndi BRCA2.

Kusiyana kwa 18 ndi 27 ndimakuona kawirikawiri. Singano imatenga kachingwe kopyapyala pamalo amodzi kapena angapo, pamene pa opaleshoni dokotala amakhala ndi chotupa chonse ndipo akhoza kuwerenga mbali imene maselo abulauni achuluka. Mwinanso owerenga anali anthu awiri osiyana. Nambala zonse ziwirizi zili m'chigawo chapakati chija, cha 5 mpaka 30, choncho dokotala adzadalira kwambiri kukula kwa chotupa, giredi ndi anabere amene anachotsedwa m'khwapa. Pa pepala lachiwirilo fufuzani mzere wonena kuti anabere angati mwa angati anapezeka ndi khansa, ndi wina wonena ngati m'mphepete mwa pamene anadula munali moyera. Imeneyo ndiyo mizere yokafunsa.

Kusintha kwa Ki-67 kumakhala ndi tanthauzo pamene pakati pa kuyeza kuwiriko munthu walandira mankhwala. Pa kafukufuku wa POETIC ku Britain, wofalitsidwa mu 2020, amayi osiya kusamba anapatsidwa mapiritsi a mahomoni kwa sabata ziwiri opaleshoni isanachitike. Amene Ki-67 yawo inatsika kufika pansi pa 10 khansa sinawabwerere kawirikawiri ngati amene yawo inakhalabe pamwamba. Mayi anu simunanene kuti analandira mankhwala pakatipo, ndiye nkhani yawo si imeneyo.

Za magazi, ayi. Ki-67 imayezedwa pa kanyama ka chotupa basi, ndipo chotupa chikachotsedwa palibenso choyeza. Wina akakuuzani kuti ali ndi makina ogwiritsa m'manja kapena mankhwala a m'botolo otsitsa Ki-67, ndalama zanu zisungeni zikhale za thiransipoti yopitira ku kiliniki. Kutsatira mayi kudzakhala kwa masiku amene dokotala wawalembera, kujambula bere lotsalalo chaka ndi chaka, ndi kupita msanga osadikira tsiku akamva kupweteka kwa fupa kosatha, chifuwa chosamva mankhwala, kupuma movutikira, kuwonda kosadziwika chifukwa, kapena kachotupa katsopano pachipsera kapena m'khwapa.